Agogo Sanagwe m'Lichero

Randburg, Johannesburg
22 September 2024

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno ku Joni. Ndi moni wouma, mulibe kanthu mu envulopumu, choncho musavutike ndi kukutumula pepalali. Ndalama ndatumiza pa Mukuru monga mwa masiku onse, ndipo uthenga wake wafika pafoni yanu, osati ya alamu. Ine kuno ndili bwino, chisanu chatha, milomo yasiya kung'aluka. Kaya inu kumeneko pa Chisi? Ana ali bwanji? Nanga mayi, amalume, ndi mbuzi zija ndinagula koma mpaka lero sindinazionepo ngakhale pachithunzi?

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata m'malo mongolankhula pa WhatsApp. Inu kuti mumve mawu anga mumayamba mwakwera phiri kusaka netiweki, ndipo pofika pamwamba mumakhala muli wefuwefu, mumangomva pokhapo ndatchula ndalama. Komanso kalatayi ndikufuna muiwerenge mokweza amalume ali pomwepo. Ndamva kuti aitanitsa mbumba yonse pa nkhani ya agogo aamuna, ndiponso kuti ena ayamba kale kusonkherana ndalama ya sing'anga wa kutsidya, ku Mozambique. Musanapereke ngakhale tambala, mundimvere kaye.

Milandu ya agogo, monga munandifotokozera, ndi iyi. Amadya nsima, kusamba m'manja, kenako n'kuuza alendo kuti chiyambire dzulo simunawapatse kanthu. Anabisa matemba m'pilo, ndipo atawasowa anati mwaba ndinu. Amakuitanani ndi dzina la malemu agogo aakazi. Usiku amalankhula chilankhulo chimene pamudzi palibe akuchimva. Ndipo mlandu waukulu ndi uja wa mwezi watha: asodzi anawapeza kudoko mbandakucha, ali ndi kabudula ndi chipewa chokha, chikwama m'manja. Atafunsidwa anati akudikira bwato la ku Kachulu chifukwa achedwa kukakwera ndege. Anthu atangomva kuti ndege, basi, mlandu unagamulidwa pomwepo. Pofika nthawi ya phala, chilumba chonse chinali chitadziwa kuti mkulu uja wagwa m'lichero mafuta atamuthera.

Tsopano mverani za ntchito yanga. Ndikudziwa kuti mayi amauza anzawo a kumvano kuti ndili muofesi; pofika ndime ino muwatume akaone mbuzi. Ndinayamba ndi ya m'galadeni, kudula kapinga ndi kutola masamba m'dziwe losambiramo. Kenako adona anaona kuti bambo awo amandimvera kuposa ana awo, n'kundikweza. Lero ntchito yanga ndi kusamalira nkhalamba ya chizungu imene tonse pano timaitchula kuti Oupa. Kale inali bwana kumigodi ya golide. Kaya mwina ndi yomweyo inkakalipira agogo pansi pa nthaka, ndani angadziwe.

Oupa ameneyu, Achemwali, amadya chakudya cham'mawa, n'kupukuta pakamwa, kenako n'kuuza mwana wake pafoni kuti m'nyumba muno akumupha ndi njala. Rimoti ya TV timakaipeza mufiriji, pambali pa mkaka. Mano ake oikirira anawaika m'chitini cha shuga, ndipo atawasowa anati ndaba ndine. Ndinamufunsa mwaulemu kuti bwana, mano a munthu wina ndingakagulitse kuti? Ngakhale pa Park Station, pamene amagulitsa chilichonse, sindinaonepo benchi ya mano. Adona amawaitana ndi dzina la mayi awo amene anamwalira kalekale. Akadutsa pagalasi amapereka moni, kenako amabwera kudzandinong'oneza kuti m'bafa muli mdala wina wamwano amene akukhala pano osalipira lendi. Ndipo tambala woyamba asanalire, pajatu kuno kulibe atambala, amadzuka, kuvala chisoti chake chakale cha kumgodi pamwamba pa zovala zogonera, n'kumagwedeza geti kuti wachedwa shifiti.

Werengani milandu ya agogo, muwerengenso ya Oupa, mundiuze kusiyana kwake. Ine ndaona kumodzi kokha. Kuno munthu akayamba zimenezi amapita naye kwa dokotala, n'kulemba ntchito Mmalawi woti azimusamalira. Kwathu amamuitanira sing'anga ndi anyamata a zibonga. Koma Oupa lichero sanaligwirepo. Kupeta sadziwa, ndipo mutamupatsa angaliyese chipewa cha dzuwa.

Za chilankhulo cha usiku chija ndiye ndazitsimikiza ndekha. Mawu aja munawajambula mobisa n'kunditumizira ndinawatsegula ndili pakhonde, Oupa akuwodzera pampando. Agogo atangoyamba kukuwa m'fonimo, Oupa anadzambatuka, n'kuyankha! Anayankhana ndithu, wina ali pa Chisi, wina ali ku Randburg, aliyense akuuza mnzake kuti afulumire. Achemwali, chimene chija ndi Chilapalapa cha kumigodi, chimene kuno amati Fanakalo, chomwe mabwana ndi antchito a mitundu yosiyanasiyana ankamvanirana pansi pa mgodi. Ngati chimenechi ndi chilankhulo cha afiti, ndiye kuti aliyense amene anabwerera kumudzi kuchokera ku Joni ndi njinga ndi wailesi nthawi imeneyo amatamba.

Ndege nayonso si yabodza. Agogo anaikweradi, yeniyeni ya mapiko ndi injini. Masiku a Wenela anthu ankanyamulidwa pa ndege kukatulidwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, kenako n'kukwera sitima mpaka ku Joni. Mu April 1974 ndege ina ya Wenela inagwa ku Francistown komweko n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu m'Malawi. Agogo nkhani imeneyi ankatisimbira tili ana, tikuwotcha mbatata. Mwaiwala? Ngati mwaiwala, samalani, angakuitanireni sing'anga inunso.

Matendawa madokotala amawatcha dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Dzinali ndi la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina wa ku Frankfurt yemwe ankaiwala, kusochera m'nyumba mwake ndi kunamizira anthu. Mayiyo atamwalira, dokotalayo anapima ubongo wake n'kupeza kuti unali utawonongeka ndi kufota. Ndiye kuti ndi matenda a ubongo, monga mmene ena amadwalira mtima kapena impso. Timaselo ta mu ubongo timafa pang'onopang'ono, ndipo zimene tinkasunga zimapita nato limodzi. Mtundu wina umabwera chifukwa cha mitsempha ya magazi yotsekeka, makamaka kwa anthu a BP ndi amene anachitapo sitiroko. Bungwe la WHO limati padziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'maiko osalemera onga lathu. Dzulo, pa 21 September, linali tsiku lowakumbukira padziko lonse. Ndinamva pa wailesi ndikumeta Oupa ndevu. Ngakhale Ronald Reagan, amene anali pulezidenti wa America, analengeza yekha mu 1994 kuti ali ndi matenda a Alzheimer. Amalume andiuze: anamulodza ndani munthu ameneyo, ndi alonda onse aja? Kapena mfiti za pa Chisi zili ndi pasipoti?

Mwina mufunsa kuti bwanji agogo amakumbukira nambala yawo ya kumgodi koma osakumbukira nsima ya masana. Namwino amene amaona Oupa anandifotokozera m'Chingerezi chambiri, koma ine ndinangoganiza za nyanja yathu. Mukukumbuka 2018, Chilwa itaphwa? Madzi sanachoke tsiku limodzi. Anayamba kuthawa m'mphepete, mabwato n'kutsala pamatope ouma ku Kachulu, koma pakati madzi anakhalitsa. Mutu wa agogo ukuphwa chomwecho. Za lero ndi za dzulo zili m'mphepete, ndizo zayamba kuuma. Za ku Wenela, za chilala cha nyanja cha 1968, za tsiku limene anafunsira agogo aakazi, zili pakati pakuya, n'chifukwa chake akukhala kumeneko. Kungoti Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, n'kudzazanso mvula itabwera, pamene nyanja ya agogoyi siidzadzazanso. Ndanena poyera kuti wina asakunamizeni.

Komatu si kuiwala kulikonse kumene kuli matenda. Tonse timaiwala pamene taika mpeni, n'kukumbukira patsogolo pake. Chodetsa nkhawa ndi chija munanena, kuti agogo, amene asoka maukonde moyo wawo wonse, anagwira ukonde ndi ulusi n'kumangoziyang'ana osadziwa poyambira. Kusochera panjira ya kuchitsime imene munthu wayendamo zaka zonse, kufunsa funso limodzi kambirimbiri, kusowa dzina la chinthu wamba n'kumangoti "chija, chija", kulephera kuwerenga chenji, kusintha khalidwe, munthu wofatsa n'kuyamba kutukwana: zizindikiro zake ndi zimenezo, ndipo zimakula chaka ndi chaka. Za alamu, amene amakumbukira zigoli zonse za Bullets ndi Noma kuyambira ali mwana koma ngongole yanga anaiiwala, namwino akuti amenewo si matenda. Akuti mankhwala ake ndi kuwakumbutsa pagulu.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Mu January 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Nkhani zotere zimayamba ndi manong'onong'o a pachitsime onga amene ayamba kwathuwa. A bungwe la MANEPO, loona za okalamba, akhala akudandaula chaka ndi chaka za agogo omenyedwa, owotcheredwa nyumba ndi ophedwa pa nkhani za ufiti. Amalume adziwe kuti lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo limati wolakwa ndi amene watchula mnzake kuti mfiti komanso amene waitana woombeza kuti aloze mfiti. Chaka chino Nyumba ya Malamulo yavomerezanso lamulo loteteza okalamba. Choncho asanatume bwato kutsidya, aganize ngati akufuna kukaona Zomba kudzera pawindo la galimoto ya polisi.

Ndalama yasonkhedwayo ipite ku ulendo wa kuchipatala. Yambani pachipatala cha pachilumba pomwepo, ndipo akakutumizani ku Zomba Central, pitani. Mukafotokoze zonse mwandondomeko, ndi nthawi imene zinayamba. Akawapime BP, shuga, malungo, mkodzo, magazi, maso ndi makutu. Ndikunena izi chifukwa nkhalamba ikhoza kusokonezeka mutu mwadzidzidzi ndi malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa mavitamini kapena kukhumudwa, ndipo zimenezi zimachizika. Wina amangooneka wosokonezeka pamene vuto ndi makutu. Akatchula za ku Zomba Mental musathawe ndi manyazi. Kumeneko kuli odziwa za ubongo, ndipo kukaonana nawo sikutanthauza kuti akawatsekera. Akakapeza kuti ndi dementia, dziwani kuti mankhwala ochiziratu kulibe, ngakhale kuno kumene kuli zipatala zonyezimira. Alipo ongochepetsa zizindikiro kwa kanthawi. Amene angakuuzeni kuti achiza ndi mbuzi ziwiri ndi tambala woyera, ameneyo akufuna ndiwo.

Tsopano ndikupatseni maphunziro a ku yunivesite ya Oupa, aulere.

Musamatsutsane nawo. Munthu amene sakumbukira kuti wadya simungamugonjetse ndi umboni, ngakhale mutamuonetsa mbale yake. Ine Oupa akati sanadye ndimati chakudya chili pamoto, n'kumupatsa tiyi ndi kabisiketi. Inunso muzisunga kambatata kapena nthochi. Akati mwaba matemba musalire, musalumbire. Nenani kuti tiyeni tifunire limodzi, ndipo muyambire m'pilo. Anthu amenewa amakhala ndi malo awo obisako zinthu, mukawadziwa mwapuma.

Akafunsa za agogo aakazi musamawauze kuti anamwalira. Kwa inu ndi nkhani yakale, koma kwa iwo uthenga wa maliro umafika koyamba nthawi iliyonse mukanena, ndipo amalira maliro atsopano. Afunseni kuti kodi munakumana kuti, muone nkhope ikuwala. Mudzamva nkhaniyo kambirimbiri, inde, koma ndi yabwino kuposa za ndale zimene alamu amabwereza.

Akanyamula chikwama kuti akupita ku Wenela, musawagwire mwamphamvu. Oupa akafika pageti ndi chisoti chake ndimamuuza kuti bwana, lero shifiti yasintha, tiyambe tamwa khofi. Inu muziti ndege lero kulibe. Simukunama, kulibedi. Yendani nawo pang'ono mpaka pamlambe paja, mubwerere, pofika pakhomo ulendo aiwala.

Dzuwa likamapendeka ndiye matendawa amalusa. Mdima ndi zithunzithunzi zimawasokoneza, n'chifukwa chake zambiri zimachitika usiku, nthawi yomwe anthu amati ndi ya afiti. M'katundu ndaikamo nyale ya sola. Iziyaka m'chipinda mwawo usiku wonse, osati kukaonetsera mpira kwa aneba. Pachitseko mumangirirepo chitini chokhala ndi timiyala kuti akatsegula muzimva. Kuno adona anagula alamu ya magetsi ya ndalama zambiri, ndikunena alamu yolira, osati amuna anu, koma ntchito yake ndi yomweyo ya chitini.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi nyanja. Oupa akathawa amakathera pa geti, koma agogo akathawa akathera m'madzi kapena m'njedza. Nkhafi muzibisa. Machesi, mankhwala a makoswe ndi a mbewu akhale patali. Kachasu asalawenso, ngakhale anzawo atawakomera mtima. Ndipo nkhaniyi musaibise. Kauzeni amfumu, ngati n'kotheka ifike mpaka kwa a T/A Mkumbira. Kauzeni akuluakulu a mpingo, eni mabwato kudoko, ndi anyamata a m'zimbowera, kuti mkuluyu akudwala matenda oiwala, mukamuona yekha mubwere naye kunyumba, musamukweze bwato ngakhale atalipira ndi mapaundi. Pachilumba aliyense amadziwa aliyense. Chimenechi ndi chuma chimene Oupa alibe: iye aneba ake sadziwa ngakhale dzina lake, amangodziwa galu wake. Pakamwa pomwe pafalitsa za lichero pakhoza kufalitsanso za matenda.

Musawakhazike chabe pamkeka. Apatseni ukonde wakale azitosatosa, kapena azitola miyala mu mpunga. Ntchito ikhale yosalakwika. Kutchalitchi muzipita nawo, chifukwa nyimbo zimakhalitsa m'mutu kuposa mayina. Oupa sadziwa kuti lero ndi lachingati, koma nyimbo za kutchalitchi kwawo amaimba mavesi onse, mpaka ine ndaziloweza, Chiafrikaans chosadziwa tanthauzo.

Chotsiriza ndi cha inu, Achemwali. Ntchito imene ine ndimalandirira marandi, ndi Lamulungu lopuma, inu mukuigwira ulere, usana ndi usiku, kuwonjezera pa dimba, ana ndi kuyanika matemba, malipiro ake n'kutchedwa wakuba. Ine ndikatopa ndimakatsekera kuchipinda changa kuseri. Inu mumatsekera kuti? Kuyambira mwezi uno ndawonjezera kangachepe pa ndalama ija, ndipo kowonjezerako ndi kanu, osati ka feteleza, osati ka ngongole za alamu. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti November wathayu, moti randi ikafika kumeneko imaoneka yonenepa, ngakhale ndikudziwa kuti pamsika wa pa Govala imakaonda msanga. Ndipo msonkhano umene amalume aitanitsawo usapite pachabe. Anthu abwere ndithu, koma m'malo mosankha wopita kwa sing'anga, mugawane masiku. Aliyense amene anadyapo nsomba za agogo atenge tsiku lake lowayang'anira. Amalume, poti ndiwo eni mbumba, ayambe ndiwo, atenge Lachiwiri.

Amalume, ndikudziwa mukumva, ndipo ndalankhula ngati mwana wopanda mwambo. Mundikhululukire, mkamwa mwanga mwalowa mphepo ya ku Joni. Koma paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pachithunzi cha paukwati chija ndinaona kuti imvi zafika kale m'ndevu. Chigamulo chimene mupereke pa agogo, adzukulu anu akumvetsera, ndipo ana a masiku ano saiwala.

Katundu ndapatsira wa thiransipoti yemwe uja, akuti anyamuka Lachisanu kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza, ndiye muwerengere Lachisanu la mwezi wamawa. Muli nyale, bulangeti la agogo, sopo, mafuta odzola, nsapato za ana ndi jekete yofiira. Jeketeyo ndi ya agogo, ndasokerera dzina lawo ndi la mudzi kukhosi kwake, ndipo ndasankha yofiira dala kuti azionekera patali. Mukaona alamu aivala, asiyeni. Akasochera pobwera kumowa, anthu adzadziwa kowabweza.

Pobwerera munthuyo mumupatsire matemba ndi kampunga. Makumba ayi, ulendo watha ananunkhitsa basi yonse mpaka anandiimbira foni ali pa Tete.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Joni